Zaka 18 zokusiyanitsani sizikundiopsa, koma nkhoswe yake ndani?

Mdzukulu wanga wa ku Area 25, uthenga wako andiwerengera. Ukuti uli ndi zaka 27, bambo amene akukufunayo ali ndi 45, anzako a kusaluni akumutcha chidyamakanda, ndiye ukufunsa ngati zaka 18 zokusiyanitsanizo zachuluka.

Pukuta misozi kaye. Chidyamakanda ndi uja amaimika galimoto pachipata cha sukulu kudikirira ana a yunifolomu, ndipo ameneyo ngwa kupolisi, pakuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati wosafika zaka 18 ndi mwana. Iwe si khanda, lendi umalipira wekha. Komatu mu uthenga wako wonse ndamvamo zaka, galimoto ndi malo odyera a ku City Centre kumene amapita nawe. Mawu amene ndimatchera khutu sindinawamve. Nkhoswe yake ndani? Atsibweni ako akumudziwa?

Malemu agogo ako aamuna ankandiposa ndi zaka 15. Masiku amenewo sizinali zachilendo. Amuna ankapita ku Joni ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, pobwerako atsikana amsinkhu wawo onse ali ndi ana kumbuyo, ndiye ankafunsira ife otsatira. Agogo akowo anabwerako mu 1974, chaka chimene ndege ya anthu a kumigodi inagwa ku Francistown, a Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu. Anafika ndi njinga, wailesi ndi sutikesi yachitsulo, ndipo ine wa zaka 22 mtima unali utapita kale. Atsibweni anga wailesiyo sanaiyang'ane n'komwe. Analawira m'mamawa kuchoka kwathu ku Mitundu ulendo wa ku Nathenje, ati kukafuna mbewu ya fodya. Anagonako masiku awiri, kucheza pabwalo, kucheza pamowa, kupereka moni kwa nyakwawa. Pobwera anali akudziwa kuti munthuyu anali ndi mkazi woyamba ndipo ukwatiwo unatha pamaso pa ankhoswe, kuti kuli mwana mmodzi wamwamuna, kuti akakwiya amangoti duu koma dzanja sakweza. Ine zonsezi ndinali ndisanazimve. Sikuti anandinamiza, koma munthu wa zaka 37 mbiri yake imakhala yaitali, sangakuyalire yonse pachibwenzi.

Wakoyo nayenso zaka 45 zonsezi sanali mtulo. Kwinakwake kuli ana, kapena mkazi amene anasiyana naye, kapena manda. Umenewo si mlandu. Chopweteka n'choti udzazimve kwa mayi wina atakuimbira foni pakati pa usiku, chonsecho ukanatuma wamkulu kukafunsa. Paja safunsa anadya phula.

Chinkhoswe cha masiku ano ine chimandimvetsa chisoni. Holo yalendi, zovala zofanana, zokuzira mawu, perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa. Nkhoswe amaisankha Lachinayi chifukwa ili ndi suti yabwino, ena mpaka kubwereka mnzawo wa kuntchito amene sadziwa ngakhale dzina la mudzi wa mkwati. Tambala ndi thadzi amasinthana ndithu, anthu n'kululutira, mafoni ali m'mwamba kujambula, koma phwando likatha nkhoswe ija simudzaionanso. Kwathu ankhoswe akadya nkhuku zija ndiye kuti alumbira kuti kuyambira lero mlandu wa ana awa ngwathu, matenda awo ngathu, maliro awo ngathu. Mwana akatentha thupi usiku, woyamba kumva anali nkhoswe. Khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko zimene ankapatsana zija zinkakagwiradi ntchito, osati kukazikoleka pabalaza.

Mwamuna wamkulu mawu ake amalemera, mdzukulu wanga. Ndalama n'zake, nyumba anamanga iwe uli kupulayimale, anzake ndi amsinkhu wa amayi ako. Mukasemphana amangoti ndiwe mwana sudziwa kanthu, iwe n'kukhulupirira. Ine zinandionekera. Titasamukira ku Kawale, likulu litangobwera kumene kuchoka ku Zomba, ndinafuna kuyamba geni ya mandasi. Agogo ako anakana, ati mkazi wawo sangakhale pamsewu ndi beseni. Ndinalira masiku atatu, kenako ndinatumiza mawu. Atsibweni anabwera, nkhoswe ya kuchimuna inabwera, tinayala mphasa. Bambo aja ankandiposa zaka 15 anavula chipewa n'kukhala pansi, chifukwa pamaso pa atsibweni anali mkamwini basi, yemwe uja analima munda wa amayi anga zaka ziwiri. Ndinayankhula mpaka kumaliza popanda wondidula. Mawa lake anandigulira okha ufa ndi mafuta.

Mandasi omwewo ndiwo anadzatidyetsa iwo atagwa ndi matenda ofa ziwalo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala. Ndinakhala wamasiye ndili ndi zaka 56. Sindidandaula, anali munthu wabwino ndipo ndinkawakonda, koma iwe uwerengere bwino: ukamadzakwana 50, iye adzakhala ndi 68. Maliro atangotha, achibale ena anayamba kuloza nyumba ya ku Kawale. Amene anaimirira n'kuwakhazika pansi anali wa kuchimuna komweko, mwana wa nkhoswe ija, amene analowa m'malo mwa bambo ake. Anati mayi awa tinawadyera nkhuku, palibe akhudze chitseko ichi. Lero kuli lamulo la 2011 loletsa kulanda katundu wa amasiye, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limalemekeza ukwati wachikhalidwe mofanana ndi wa kutchalitchi kapena wa kwa DC. Koma wongolowana m'nyumba mwakachetechete, tsiku limenelo mboni adzaitenga kuti?

Loweruka likubwerali, akadzabwera kudzakutenga, usakwere msanga galimotoyo. Umuuze kuti atsibweni ako akufuna kumuona, abwere ndi wamkulu wa kwawo, osati mnzake wa kuofesi. Uzimuyang'ana kumaso pomuuza. Akafunsa tsiku ndi njira ya kumudzi, usiye anzako a kusaluni alankhule mpaka atope. Akayamba zoti tidikire kaye, kapena zoti zimenezo n'zachikale, undilemberenso usanamuyankhe chilichonse.