Intaneti ya chingwe ikungodukaduka pa Ubuntu: ndigule khadi ina?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu amene ali ndi kashopu kosindikiza ndi kufotokopa mapepala ku Highfield. Akuti: "Kompyuta yanga ili ndi Ubuntu ndi Windows pamodzi. Chiyikireni ma update a Ubuntu, intaneti ya chingwe imagwira kanthawi kenako n'kufa, ndipo imabwerera ndikazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Mnzanga akuti ndigule khadi ya netiweki ina. Ndichite bwanji?"

Achimwene, ndalama yanuyo isungeni kaye. Khadi imene yapsa, monga zimachitikira nthawi ya mvula mphezi ikalowera m'chingwe, nthawi zambiri imafa osadzukanso. Yanuyo ikudzuka mukayatsanso kompyuta, ndipo mavuto ayamba pambuyo pa update. Ine ndikukayikira driver (kapulogalamu koyendetsa khadi) ya mu kernel yatsopano. Kernel ndi mtima wa Linux, umene Ubuntu imayendera. Sinthani chingwe ndi bowo la pa rauta kuti tichotse chikayiko, ndi ntchito ya mphindi imodzi, kenako tipite kwa kernel.

Chosavuta kwambiri n'choti Ubuntu siitaya kernel yakale nthawi yomweyo. Poyatsa kompyuta, pa menyu ya GRUB, ija yosankhira Ubuntu kapena Windows, sankhani Advanced options for Ubuntu, mulowe ndi kernel imene inalipo musanaike update. Gwirani ntchito tsiku lonse. Intaneti ikapanda kuduka, mwapeza wolakwa, ndipo mutha kumagwiritsa ntchito kernel yakaleyo mpaka atakonza yatsopano.

Tsopano tsegulani terminal, zenera lolembamo malamulo, mulembe `lspci -nnk | grep -A3 -i ethernet`. Muona dzina la khadi, manambala ake, ndi mzere wakuti Kernel driver in use. Makompyuta ambiri akale amene amagulitsidwa m'tauni muno ali ndi khadi ya Realtek, ndipo manambala ake amakhala 10ec:8168. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Khadi ndi RTL8111/8168, koma driver imene ikuoneka ndi r8169, ndiye munthu amaganiza kuti kernel yalakwitsa, yatenga driver ya khadi ina. Ayi. Driver ya r8169 ndi imene ili mkati mwa Linux, ndipo inalembedwa kuti iyendetse banja lonse la makhadi amenewa. Palinso r8168, yolembedwa ndi a Realtek eni ake, imene ili kunja kwa kernel. Tibwereranso kwa iyoyo.

Intaneti ikangofa, musazimitse kompyuta. Lembani `sudo dmesg | grep -iE "r8169|firmware|watchdog"` muwerenge zimene kernel yanena. Ngati munazimitsa kale, `journalctl -k -b -1` ikuonetsani zimene kernel inanena musanazimitse. Anthu amathamangira kufufuta zonse n'kuikanso Ubuntu, pomwe yankho linalembedwa kale m'mizere imeneyi.

Mukaona kuti yalephera kutenga fayilo ya dzina loyamba ndi rtl_nic, vuto ndi firmware, kapulogalamu kamene kamalowetsedwa m'khadi momwemo, ndipo `sudo apt install --reinstall linux-firmware` ikwanira. Intaneti yokokera fayiloyo muitenge pa foni: ilumikizeni ndi chingwe cha USB, muyatse USB tethering. Mukaona Link is Down ndi Link is Up zikusinthanasinthana, khadi ndi rauta sizikumvana, ndipo kawirikawiri chimayambitsa ndi njira yosungira magetsi yotchedwa EEE. Ilekeretseni ndi `sudo ethtool --set-eee enp2s0 eee off`, koma m'malo mwa enp2s0 muike dzina la khadi yanu limene `ip link` ikuonetsa. Dziwani kuti zimenezi zimaiwalika mukazimitsa kompyuta, ndi zoyesera chabe.

Mzere umene ndikuyembekezera kwa inu ndi wakuti NETDEV WATCHDOG, transmit queue 0 timed out. Tanthauzo lake n'loti kernel inapatsa khadi katundu woti itumize, inadikira, khadi osayankha. Pa makhadi a Realtek izi zimayenderana kwambiri ndi ASPM, njira imene imagoneka msewu wa PCI Express ukakhala wopanda ntchito kuti magetsi asawonongeke. Pa ma motherboard ena khadi ikagona siidzuka bwino. Yesani chonchi: pa menyu ya GRUB dinani e, muwonjezere `pcie_aspm=off` pambuyo pa mawu akuti quiet splash, kenako F10. Zikayenda, mawu omwewo muwalembe mu /etc/default/grub pa mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT, n'kumaliza ndi `sudo update-grub`. Pa kompyuta ya padesiki magetsi owonjezerawo simungawamve n'komwe.

Windows nayo musaiiwale. Fast Startup ikakhala yoyatsa, Windows siizima kwenikweni, ndipo itha kusiya khadi ili m'tulo timene Linux singaidzutse bwino. Zimitsani Fast Startup mu Power Options ya Windows, kenako muzimitse kompyuta n'kuzula pulagi kukhoma kwa mphindi imodzi kuti khadi iiwale zonse. Kuno kwathu magetsi amatichitira ntchito imeneyi mwaulere, n'chifukwa chake ena amadabwa kuti intaneti yachira yokha magetsi atabwerera.

Nanga r8168 ija? Pa intaneti aliyense akuuzani kuti ikani `r8168-dkms` basi. Kwa ena imathandizadi, koma ine ndimaisiya kumapeto. Popeza ili kunja kwa kernel, imayenera kumangidwanso kernel ikasintha, ndipo tsiku limene kumangako kwalephera mudzadzuka opanda intaneti, makasitomala ali pakhomo. Komanso Secure Boot, chitetezo chimene chimalola mapulogalamu osainidwa okha, ikakhala yoyatsa, kernel imakana driver yotereyi mpaka mutalembetsa kiyi yoivomereza, yotchedwa MOK, poyatsa kompyuta. Ambiri amadumpha chikwangwani cha buluu chofunsa kiyiyo, kenako n'kumati driver siigwira.

Zonsezi zikakanika, ndilembereninso, mundiikire zimene zatuluka pa `uname -r`, pa lspci ija, ndi mizere ya dmesg ya nthawi imene intaneti yafa. Ngati kernel yakale ikugwira pomwe yatsopano ikukana, lembaninso `ubuntu-bug linux` kuti okonza kernel ya Ubuntu adziwe za khadi yanuyo.