Kodi "+1" wa pa mbale ya bambo anu anali ndani?

Mlongo wina wa ku Kabwata wandilembera imelo. Akuti pokonza m'nyumba ya malemu bambo ake anapeza katoni ya mbale zakale za nyimbo, zambiri za WITCH ndi Paul Ngozi, koma pakati pake panabisala imodzi yachikuto chabuluu cha kampani ya nyimbo ya Sugar Hill, yolembedwa Funky 4 + 1. Akufunsa kuti awa anali ndani, nanga "+1" ndi masamu anji?

Choyamba mlongo, asabwere mnyamata wa ku Kamwala n'kukupatsani ndalama ya vitumbuwa pa mbale imeneyo.

"+1" uja anali mtsikana wa ku Bronx mu New York, Sharon Green, amene ankadziwika kuti Sha-Rock. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti iye sanali womata pambuyo ayi. Gulu la rap limeneli likuyamba, linali Funky Four basi, ndipo iye anali mmodzi wa anayiwo, pamodzi ndi K.K. Rockwell, Keith Keith ndi Raheim, kumbuyo kwawo DJ Breakout akuzunguza mbale. Mu 1979 Raheim anawolokera ku gulu la Grandmaster Flash, Sha-Rock nayenso anachoka kwa kanthawi, ndipo malo awo analowa Lil' Rodney Cee ndi Jazzy Jeff. Pobwerera anapeza mipando inayi yadzaza, ndiye mwini nyumba n'kusanduka mlendo, "+1". Jazzy Jeff ameneyu si uja wa Will Smith, musasokoneze.

Chaka chomwecho anajambula nyimbo yawo yoyamba ku Enjoy Records ya Bobby Robinson, kenako anasamukira ku Sugar Hill ya Sylvia Robinson, kumene anatulutsa "That's the Joint" mu 1980. Ndikuganiza kuti ndi imene mwagwira m'manjayo. Imapitirira mphindi 9, ndipo anthu asanu amalandizana mawu ngati amayi osinja mtondo umodzi, wina akatsitsa musi mnzake wakweza kale, osagundana. Lero oimba rap ambiri amajambula aliyense payekha n'kutumizirana pa WhatsApp, ndiye luso limeneli n'losowa.

Pa 14 February 1981, Debbie Harry wa gulu la Blondie anawaitanira ku pulogalamu ya pa TV ya Saturday Night Live, n'kukhala gulu loyamba la hip-hop kuonekera pa TV ya dziko lonse la America. Mungaganize kuti apa ndiye chuma chinatseguka. Ayi ndithu. Chimbale chathunthu sanatulutse n'chimodzi chomwe, ndipo pofika 1983 gulu linali litabalalika. Rodney Cee ndi K.K. Rockwell anapanga Double Trouble, Sha-Rock anakapezeka mu Us Girls ndi Lisa Lee ndi Debbie D, amene anaimba mu filimu ya Beat Street ya 1984.

Ngati chosewerera mbale cha bambo chikadali ndi singano, pukutani mbaleyo ndi kansalu kofewa mozungulira, motsata mizere yake, osati mopingasa. Ikayamba kulira, tcherani khutu pomwe liwu la mtsikana likulowa pakati pa anyamata anayi aja. Mukandiuze ngati mwamva amene akutsalira kumbuyo.