Mwana wanu akuyeza denga la sukulu? Msiyeni, ndi masamu amenewo

Sabata yatha amai ena a ku Katete ananditumizira imelo. Mwana wawo wa giredi 11 anaikidwa m'gulu la ana asanu, ndipo aphunzitsi anawapatsa ntchito yopeza kukula kwa thanki yosungira madzi a mvula ochokera padenga la kalasi. Funso lawo linali lakuti: "Mayeso a ECZ (bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia) ali chaka chamawa, kodi uku si kutaya nthawi?"

Amai, mtima pansi. Tiyeni tione zimene mwanayo adzakumana nazo.

Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi, pamapezeka lita imodzi ya madzi. Tinene kuti kalasiyo ndi mamita 20 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndiye kuti masikweya mita 160. Mvula ya mamilimita 25 ipereka malita 4,000. Mpaka apa ndi kuchulukitsa chabe.

Koma ana akangotuluka panja ndi tepi, mkangano umabuka. Ayeze malata opendekeka aja, kapena malo amene dengalo laphimba pansi? Yankho ndi lachiwirilo, poti mvula imachokera kumwamba, ndipo mwana amene wadzipezera yekha zimenezi sadzasokonezekanso pa funso la trigonometry (masamu a zinthu za ngodya zitatu). Kenako wina akumbutsa anzake kuti madzi oyamba amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame, ayenera kutayidwa, enanso amadontha pa gata (ngalande ya m'mphepete mwa denga). Achotsepo angati? M'buku mulibe nambala imeneyo. Ayenera kugwirizana okha, alembe chifukwa chake, ndipo akaika chitini chowongoka pabwalo n'kuyeza mvula yeniyeni, abwerere kukakonza zimene anaganiza poyamba.

Chimene chimandikondweretsa kwambiri ndi ichi. Ngati ana 600 amwa malita awiri aliyense patsiku, thanki ya malita 5,000 itha m'masiku anayi. Apa gululo limazindikira kuti funso lenileni si mvula ya chaka chonse, koma masiku amene angadutse osagwa dontho. Tonse kuno kum'mawa tikukumbukira ng'amba ya 2024, chimanga chikufota m'minda mpaka boma linalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Mwana amene anaona zimenezo ndi maso ake amamvetsa msanga kuti avereji (nambala ya pakatikati) ya mvula ikhoza kunamiza munthu.

Nkhawa yanga ili pena. M'magulu otere, kawirikawiri mwana mmodzi wodziwa masamu amasenza zonse, anzake n'kungolembetsa maina. Choncho mwana wanu akafika madzulo, musamufunse ngati amaliza. Mufunseni kuti iyeyo wayeza chiyani, ndiponso chifukwa chimene anasankhira nambala ya madzi otayika. Akakanika kufotokoza m'Chichewa chomveka kwa inu, pitani mukaonane ndi aphunzitsi, muwapemphe kuti tsiku lopereka lipoti azifunsa mwana aliyense payekha.

Mapepala a mayeso akale asawasiye, azichitabe Loweruka. Ndipo ngati pakhomo pali dilamu la malita 210, mupatseni ayeze denga la nyumba yanu, akuuzeni mvula ya mamilimita angati ingalidzaze.