Nyimbo za classical zikamakugonetsani tulo

Achimwene, mwati nyimbo za classical zimakugonetsani tulo, ndiye mukufunsa poyambira, komanso mmene mungathandizire mwana wanu amene wayamba kuphunzira piyano. Ine ndaphunzitsa ana piyano kwa zaka zingapo, koma poyamba nanenso zinkandigonetsa.

Ambirife timayika nyimbozi uku tikugwira ntchito zina, khutu likudikira mawu kapena kolasi yoti tiyimbe nawo. Kolasiyo sibwera. Nyimbo zambiri za mtundu umenewu zimatenga kachidutswa kamodzi n'kumakatembenuza. Tengani symphony (nyimbo yaitali ya gulu lalikulu la zoyimbira) yachisanu ya Beethoven, imene inayimbidwa koyamba ku Vienna mu 1808. Imayamba ndi manotsi anayi okha, atatu afupiafupi ndi limodzi lokoka. Mverani gawo loyamba lokha, la mphindi 7 kapena 8, foni ili patali, ndipo ntchito yanu ikhale imodzi: kusaka manotsi anayiwo. Muwamva kwa mavayolini, kenako kwa malipenga, kenako pansi kwa mabesi, pena mokalipa, pena monong'ona. Mawa mubwerezenso yomweyo, mkuja yomweyonso. Pofika tsiku lachinayi khutu limayamba kudziwa chimene chikubwera, ndipo wolemba nyimboyo akakhotera kwina, mtima umachita kudumpha. Kukoma kwake kwagona pamenepo.

Kubwereza si chizindikiro cha umbuli ayi. Pablo Casals, katswiri woyimba cello (choyimbira chonga vayolini wamkulu), anapeza nyimbo za cello zolembedwa ndi Bach m'sitolo ina ku Barcelona mu 1890, ali ndi zaka 13, ndipo anakhala nazo zaka 12 akuziyimba payekha asanayerekeze kuziyimba pagulu.

Chimene chimandipweteka ndi anthu amene amati izi ndi nyimbo za anthu ophunzira okha. Bach uja atafika ku Leipzig mu 1723, ntchito yake inali kukonza nyimbo za mapemphero a Lamulungu ndi kuphunzitsa anyamata a kwaya. Ngati munayimbapo kwaya n'kugwira alto wanu osatengeka ndi soprano, khutu la Bach muli nalo kale. Tsatirani mzere umodzi mpaka kumapeto, ulendo wina mutsatire winanso.

Za mwanayo, chonde musamusandutsire nyimbo mayeso. Mayina ndi zaka adzaziloweza yekha akadzazifuna. Khalani naye pansi, mumvere limodzi kagawo kakafupi, ndiye mumufunse kuti wamva chiyani. Mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa, wa zaka 8, atamva kanyimbo ka Bach ka mizere iwiri anati dzanja lamanzere likuthamangitsa lamanja koma silikuligwira. Ine ndinali nditakonzeka kumufotokozera ndi mawu akuluakulu a m'mabuku, ndinangowameza. Sabata yotsatira anabwera ataphunzira yekha mbali ya dzanja lamanzere, ati amafuna kuona ngati ligwire linzakelo.