Tafunsani: Mwana wanga akunditengera ku Paris, ndikasamale chiyani?

Zikomo alangizi. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Zomba. Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Manchester ndipo wandiitana kuti ndikacheze naye mu Disembala. Akuti tikakwerenso sitima kupita ku Paris, tikagoneko masiku anayi. Mtima wanga uli m'mwamba chifukwa anzanga akundiopseza kuti akuba akumeneko ndi osayamba. Kodi ndipite? Ndikasamale chiyani?
Mayi wa ku Zomba

Amayi, pitani ndithu. Zaka zonsezi mwakhala mukulozera ana mizinda imeneyi pa mapu, ndiye mpake kuti mukaione ndi maso anu.

Tisanafike pa akuba, tiyambe ndi mapepala. Viza ya ku Britain siikulowetsani ku France. Kumeneko kumafunika ina, yotchedwa Schengen, ndipo lamulo limati muipemphe muli kudziko lomwe mumakhala. Musadikire kuti mukaifunsire ku Manchester. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6, ndiye yambani lero, ndipo adzafuna inshulansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Sitima ya Eurostar imanyamukira pa St Pancras ku London n'kukafika pa Gare du Nord ku Paris patatha maola awiri ndi mphindi zingapo, koma pasipoti amaiona musanakwere. Wopanda viza amabwerera pomwepo.

Tsopano akubawo. Anzanuwo sakunama, koma mwina akuganiza za zigawenga za zikwanje. Wakuba amene mlendo amakumana naye ku Paris sakuopsezani. Amabwera akumwetulira, wavala bwino, ndipo chida chake ndi ulemu wanu womwewo. Ife tinaleredwa kuti munthu akakupatsa moni umaima n'kuyankha, akakutambasulira dzanja sumubweza. Iwowo amadalira zimenezo.

M'munsi mwa masitepe okwerera ku tchalitchi cha Sacré-Cœur, ku Montmartre, mumaima anyamata onyamula tiulusi tamitundumitundu. Wina amakugwirani dzanja ngati akupereka moni, akufunsa kwanu, mwina n'kukutchani mayi ake. Musanazindikire wakumangani kale kachibangiri pamkono, anzake akuzungulirani, akufuna ndalama. Pafupi ndi nsanja ya Eiffel ndi ku Louvre, nyumba yotchuka yoonetseramo zojambula ndi zinthu zakale, kuli atsikana oyenda ndi chipepala pakabolodi, kupempha kuti musaine pothandiza osamva. Maso anu ali pa cholembera, dzanja la mnzake lili m'chikwama chanu. Mudzaonanso gulu litazungulira munthu wosewera njuga ya tizikho titatu pansi. Amene akuoneka ngati akuwinawo ndi anzake. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi: manja m'matumba a jekete, nenani "non, merci" (ayi, zikomo) kamodzi, ndipo mapazi asaime. Sikuti mwachita mwano. Eni mzindawo amachita chimodzimodzi.

Ine foni yanga inapita m'sitima ya pansi pa nthaka, imene iwo amati metro, pa siteshoni ya Châtelet. Ndinali nditaima pakhomo penipeni, foni ili m'manja, ndikuyang'ana mapu. Belu lotsekera zitseko litalira, mnyamata amene anaima phee pambali panga anangoti tsomphu, n'kudumphira panja. Zitseko zinatsekeka, sitima n'kunyamuka, ine ndikumuona pagalasi akukwera masitepe mosathamanga n'komwe. Chomwe chimandiwawabe ndi zithunzi za malemu bambo anga zimene ndinali ndisanazisunge kwina. Choncho mwana wanu akusungireni zithunzi zanu pa intaneti musananyamuke. Mukakwera metro lowani m'kati, musaime pakhomo, ndipo mapu muziwaona muli pamtunda, mutatsamira khoma.

Chikwama chikhale cha zipi, cha lamba wodutsa pachifuwa, chili kutsogolo ndipo jekete lili pamwamba pake. Disembala kumazizira kwambiri, ndiye jekete mudzakhala nalo kale. Ndalama musaike pamodzi: zochepa za tsikulo m'chikwama, zotsala ndi khadi la kubanki m'kathumba ka m'kati mwa zovala, monga amachitira amayi opita kukapikula katundu ku Limbe. Polowa m'lesitilanti chikwama musachikoloweke kumbuyo kwa mpando, foni musaisiye patebulo. Pasipoti muijambule, pepala lina likhale ndi mwana wanu. Zikavuta, nambala ya 112 ndi yaulere m'maiko onse a European Union, imakufikitsani kwa apolisi ndi ambulansi. Pasipoti ikabedwa, kanenni kupolisi tsiku lomwelo kuti akupatseni kalata, kenako imbirani ofesi ya kazembe wa Malawi ku Brussels kapena ku London. Manambala ake alembeni papepala, osati m'foni mokha.

Pali ngozi ina imene anzanuwo sanaitchule, ndipo ineyo ndimaiopa kuposa akuba. Ku Malawi ndi ku Britain galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu, koma ku France zimayenda kumanja. Khosi lanu linazolowera kuyang'ana kumanja poyamba. Ku Paris yambani kumanzere, ndipo dikirani kamunthu kobiriwira ka pamaloboti ngakhale ena akudutsa. Njinga zili ndi kanjira kakekake m'mbali mwa msewu, zimathamanga ndipo sizimveka.

Pa Gare du Nord, aliyense wokulonjerani m'kati mwa siteshoni kuti ali ndi takisi mukaneni. Tsatirani zikwangwani mpaka pamzere wa matakisi, amene ali ndi nyali padenga ndi mita m'kati. Matikiti a metro gulani pamakina kapena pazenera la siteshoni, osati kwa munthu wodzipereka kukuthandizani, ndipo musataye tikiti mpaka mutatuluka panja, chifukwa oyendera akakupezani mulibe amakulipiritsani chindapusa pomwepo.

Ulemu wanuwo uli ndi malo ake. Polowa m'sitolo kapena pofunsa njira, yambani ndi "bonjour", moni wa Chifalansa, mudzaona nkhope zikumasuka. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, ndipo m'lesitilanti mukapempha "carafe d'eau" amakupatsani ulere. Tengani kachipangizo kosinthira pulagi, poti mabowo a magetsi a ku France ndi awiri ozungulira, osati atatu ngati athu. Louvre satsegula Lachiwiri, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko madzulo, ndiye muuzeni mwana wanu kuti ku Montmartre mukapite m'mawa.