Alamu akufuna bakkie ya malemu: Shariya ikuti chiyani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Mayfair, kuno ku Johannesburg, ndipo ndaifupikitsa: "Amuna anga anamwalira miyezi iwiri yapitayo. Asiya ine, ana atatu, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, komanso mayi a malemuwo amene ali ku Mangochi. Bambo a malemuwo anamwalira kale. Patsala bakkie, ndalama ku banki ndi katundu wa m'shopu. Alamu anga akuti bakkie ndi yawo poti malemu anali mchimwene wawo, ndipo atsibweni kumudzi akuti zonse zidzere m'manja mwawo. Chisilamu chimati bwanji?"

Pepani ndi zovutazi, mayi. Allah awakhululukire malemu, akupatseninso mtima wopirira.

Alamu anuwo alibe gawo, atsibweninso alibe. Malemu akasiya mwana wamwamuna, achimwene ndi achemwali awo amatsekeredwa, salandira kanthu. Zoti chuma chimatsata mbumba ndi mwambo wa kwathu, wa Ayao ndi Achewa. Mwini mbumba timamulemekeza pa zokambirana za banja, koma pa mirathi, kagawidwe ka chuma chamasiye, Qur'an inagawa kale yokha, mu Surat An-Nisa ndime 11, 12 ndi 176, ndipo siinasiyire mkulu aliyense mpata woti asinthe.

Musanayambe kuwerenga magawo, patulani kaye zimene zili zanu. Ngati firiji kapena makina osokera munagula ndi ndalama zanu, kapena munaikapo ndalama potsegula shopuyo, zimenezo sizilowa m'chuma chamasiye. Pa chotsalacho pamachoka zinthu zitatu motsatana: zoyendetsera maliro, ngongole, kenako wasiya, chimene malemu ananeneratu ali moyo kuti chidzaperekedwe kwa wina, ngati anasiya mawu otero. Pa ngongolepo musaiwale mahari, mphatso imene mwamuna amayenera kupatsa mkazi pomanga ukwati. Ngati sanamalize kukupatsani, ndi ngongole monga ina iliyonse, ndipo musachite manyazi kuitchula pamaso pa akuchimuna. Wasiya sadutsa 1/3 ya chumacho. Sa'd ibn Abi Waqqas, mmodzi wa ophunzira a Mtumiki, atadwala anafuna kupereka zambiri, Mtumiki (Swallallahu alayhi wasallam) anamuletsa, namuuza kuti ngakhale 1/3 yo ndi yochuluka. Wasiyayo saperekedwanso kwa munthu amene ali kale ndi gawo. Ndiye ngati malemu anafuna kuti m'bale wawo apezeko kenakake, khomo linali limeneli.

Tiyerekeze kuti zonsezo zitachoka, bakkie ndi katundu zitawerengedwa mtengo, patsala R120,000. Inu mulandira 1/8 chifukwa pali ana, yomwe ndi R15,000. Pakanapanda ana mukanalandira 1/4, ndipo pakanakhala mitala, akazi nonse mukanagawana 1/8 yomweyo. Apongozi anu ku Mangochi alandira 1/6, yomwe ndi R20,000. Amenewa ndi amene timawaiwala kawirikawiri tikakhala kuno ku Joni. Timawatumizira kangachepe ngati chipepeso, pamene ali ndi gawo lolembedwa, loposa ngakhale la mkazi wa malemu. R85,000 yotsalayo ndi ya ana, igawidwe pasanu: mnyamata aliyense R34,000, mtsikana R17,000.

Ndikudziwa kuti ena afunsa za mtsikanayo. Maulama, akatswiri a Chisilamu, amafotokoza kuti mwamuna ndi amene Shariya inamusenzetsa mahari, kudyetsa banja ndi kusamala achemwali ake akasowa, pamene za mkazi ndi zake yekha. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti amuna ambiri amaloweza theka loyamba la lamuloli, la kulandira kawiri, theka la kusamalalo n'kulisiya pa mkeka wa mu mzikiti.

Ngati anawo ali aang'ono, gawo lawo lisungidwe, ligwire ntchito pa iwo okha. Mpunga ndi mbuzi za sadaka ya arubaini, ya tsiku la 40 chimwalirire munthu, zisachoke pamenepo. Wofuna kuchita sadaka atapeko m'thumba mwake. Ndime 10 ya Surat An-Nisa imati odya chuma cha ana amasiye mopanda chilungamo akudya moto m'mimba mwawo.

Tsopano za boma, poti banki simasula ndalama chifukwa cha mawu a shehe. Imfa iyenera kukanenedwa ku ofesi ya Master of the High Court, ndipo lamulo limati pasanathe masiku 14, ndiye musachedwenso. Chuma chikakhala chosaposa R250,000 amapereka kalata ya chilolezo kwa munthu mmodzi woti ayendetse zonse. Ngati malemu sanalembe wilu, lamulo la kuno la Intestate Succession Act la 1987 silitsata Shariya. Limapatsa mkazi R250,000 kapena gawo lofanana ndi la mwana, chimene chakula pa ziwirizo. Chichokereni chigamulo cha Constitutional Court pa mlandu wa Daniels mu 2004, mkazi wa nikaha, ukwati wa Chisilamu, amawerengedwa, ndipo mlandu wa Hassam mu 2009 unaphatikizapo a mitala. Pa chitsanzo chathu chija, boma likhoza kukupatsani R120,000 yonse, apongozi osaona ngakhale senti. Apa alamu sangakuopsezeni, koma udindo wonse wagwera inu. Mukailandira, mupereke kwa aliyense chimene Allah anamulembera. Ku bungwe la maulama la Jamiatul Ulama ku Fordsburg amawerengera magawo n'kupereka chikalata, ndipo chimenecho chimatontholetsa mikangano ya pa WhatsApp msanga kuposa mawu anu kapena anga.

Ngati kumudzi kuli nyumba, imeneyo itsata malamulo a Malawi, komwe lamulo la 2011 la chuma chamasiye linaika kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana kukhala mlandu. Atsibweni auzidwe zimenezi mwaulemu, makamaka kudzera mwa shehe wa kwawo konko.

Abambo amene mukuwerenga, wilu ya kuno imafuna kuti ilembedwe, musayine tsamba lililonse, ndipo mboni ziwiri za zaka 14 kapena kuposa zisayine muli pamodzi. Mbonizo zisakhale anthu amene adzalandire. M'katimo nenani kuti chuma chanu chidzagawidwe motsatira Shariya, mutchulenso bungwe la maulama limene lidzawerengere magawowo.