Mwana wodzaza makope ndi nkhani

Amayi amene mwafunsa za mwana wanu wa zaka 10, woti akumaliza makope akusukulu ndi nkhani zopeka, ndipo mukufuna kudziwa ngati ndi mphatso ya Mulungu kapena chibwana chabe, mwandikumbutsa kutali.

Inenso ndinayamba choncho. Kope langa la masamu ndinkalilemba mbali zonse: kutsogolo masamu, kumbuyo nkhani ya galu wolankhula amene ankadziwa zinsinsi za aliyense. Tsiku lina mbali ziwirizo zinakumana pakati. Aphunzitsi atatembenuza tsamba anangoti zii, n'kuyamba kuwerenga. Ine mtima uli m'mwamba, ndikudikira chilango. Atamaliza anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga galuyu anathera kuti?" Usiku umenewo tulo sindinatione. Panalibe wondituma kapena wondilonjeza kanthu, koma dzanja linkangoyabwa. Ine mphatso ndimaionera pamenepo, pa chinthu chimene mwana amachita yekha anzake ali kusewera panja.

Ena amaganiza kuti Mulungu amapereka kulalikira ndi kuimba basi. Tawerengani Eksodo 31. Mulungu anadzaza Bezaleli ndi mzimu wake kuti akhale mmisiri wa golide, siliva, mkuwa, miyala ndi matabwa. Ngati luso losema linachokera kwa Iye, la cholembera lingachokere kwina? Ngakhale kalata ya Paulo kwa Aroma, amene anagwira cholembera ndi Tertio, ndipo akudzitchula yekha pa 16:22.

Komatu mphatso sidzilembera yokha. Luka akunena koyambirira kwenikweni kuti anayamba wafufuza zonse mosamala asanalembere Teofilo. Pa Yeremiya 36, mfumu Yehoyakimu inkadula mpukutu ndi mpeni n'kumaponya pamoto mpaka wonse unatha, ndipo Baruki, mlembi wa Yeremiya, anakhalanso pansi n'kuyambiranso, mawu ena n'kuwonjezerapo. Thukuta limenelo!

Zoti ndi Mulungu, ine ndinadzazindikira ndili wamkulu, nditasiya kulemba zaka zambiri. Mnzanga ataferedwa, pakamwa panandiuma, ndiye ndinamulembera kalata. Patapita miyezi anandiuza kuti amaiwerenga usiku uliwonse tulo tikamukana. Ndinachita mantha pang'ono, chifukwa ndinaona kuti chinthu ndinachikwiriracho sichinali changa ndekha.

Ndiye mwanayo mugulireni kope lakelake, la masamu lipumeko. Musamawerenge mobisa, amanyazi anthu olembawa. Mupempheni akuwerengereni yekha akafuna. Musathamangire kukonza kalembedwe ka mawu, zimenezo aphunzitsi alipo. Komanso musamuumirize kuti nkhani iliyonse izithera ndi vesi, angayambe kulembera kukusangalatsani inu. Ingomufunsani kuti, "Kenako chinachitika n'chiyani?"

Chonde, makope odzazawo muwasunge bwino. Anga anawayatsira moto osadziwa, ndipo mpaka lero sindikumbukira kuti galu uja anathera kuti.